Akalengeza pa wailesi kuti namondwe akubwera, inu mumvepo chiyani?

Amayi, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege la Chileka kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza mvula, mphepo, chinyezi ndi kutentha, usana ndi usiku, chaka chonse. Zimene apeza amazitumiza ku likulu la nthambi ya boma yoona zanyengo mumzinda wa Blantyre, komwe amaziphatikiza ndi zochokera ku Bvumbwe, Makoka, Mimosa, Ngabu ndi malo ena ambiri m'dziko muno. Uthenga wa zanyengo uja amawerenga pa wailesi nkhani zikangotha umachokera kumeneko. Ambirife imeneyo ndi nthawi imene timanyamuka kukaona mphika pamoto, poti nkhani zenizeni zatha.

Koma tawerengani zimene tadutsamo. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira mpaka boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Mu Malichi 2019 kunagwa mvula ya Idai. Mu 2022 kunabwera Ana mu Januwale, Gombe mu Malichi. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kuchotsa m'nyumba zawo anthu oposa 650,000. Kenaka Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malichi 2025. Freddy sanatibwerere mwakabisira ayi. A zanyengo anachenjeza kudakali masiku angapo. Chimene chinavuta n'chakuti pakati pa ofesi ya ku Blantyre ndi khomo la munthu wamba, uthengawo unafooka. Ena sanaumve n'komwe. Ena anaumva koma mawu onga "mamilimita 100 pa maola 24" sanawauze kanthu. Enanso anamvetsa bwinobwino koma analibe kolowera, kapena anaopa kusiyira akuba mbuzi ndi matumba a chimanga.

Inu amene mumayenda khomo ndi khomo kuzonda odwala ndi okalamba m'miphakati, ndinu amene mungafikitse uthengawu pamene wailesi siifika. Koma kuti muufikitse, muyenera kuyamba mwaumvetsa.

Namondwe amabadwira panyanja

Mvula yathu ya masiku onse, ya Disembala mpaka Malichi, imabwera makamaka pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zikumana pamwamba pa dziko lathu, kuphatikizapo mphepo yachinyezi yochokera ku Congo. Mvula imeneyi imagwa masana kapena madzulo, ndi mabingu, n'kukata. Mwina pa Mdeka yagwa, pa Lirangwe fumbi lili kobo. Namondwe ndi chinthu china.

Iye amabadwira pa nyanja yamchere ya India, pamene madzi atentha kufika madigiri 26 kapena kuposa. Nthunzi yochuluka imakwera kumwamba monga imakwerera pa mphika wowira, n'kusanduka mitambo. Mpweya wa m'mbali umathamangira pamalo pamene nthunziyo yachoka, ndipo chifukwa dziko limazungulira, mphepoyo siyenda molunjika, imayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu. Kusiyana kwake n'kwakuti kamvuluvulu wa pabwalo amatha m'kamphindi, pamene uyu amatha kukula makilomita mazanamazana m'mimba mwake n'kukhala sabata kapena kuposa. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, koma amene amativutitsa kuno ambiri amabwera pakati pa Januwale ndi Malichi.

Mphepo yake ikafika liwiro la makilomita 63 pa ola, amamupatsa dzina. Mainawa sapeka tsiku lomwelo. Maiko a m'chigawo chino, Malawi ali momwemo, amapereka maina pasadakhale, ndipo amawandandalika motsata zilembo, kuyambira A. N'chifukwa chake mu 2022 Ana anatsogola, Batsirai n'kutsatira, Gombe n'kubwera pambuyo. Freddy yekha dzina analitengera ku Australia, poti anabadwira kufupi ndi kumeneko kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anaoloka nyanja yonse, n'kuomba Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa mu Mozambique pa 24 Febuluwale, n'kubwereranso panyanja kukatenga mphamvu zina, kenaka n'kutulukira pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Mphepo ya m'kati mwa namondwe imathamanga kuposa galimoto, koma thupi lake lonse limayenda pang'onopang'ono, nthawi zambiri ngati munthu wopalasa njinga. Kuchokera ku Quelimane kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 300 mukalunjika. Ndiye mukamva kuti namondwe watuluka m'nyanja walowa mu Mozambique, pakati pake pakhoza kutenga tsiku kapena awiri kuti payandikire kuno, ngakhale mvula ya m'mphepete mwake imatsogola.

Chachiwiri ndi mawu akuti "namondwe wafooka". Mawuwa apusitsa anthu ambiri. Namondwe akafika pamtunda amafookadi, chifukwa wasiyana ndi madzi otentha amene amamudyetsa. Koma chimene chafooka ndi mphepo. Madzi amene wasenza akadali pomwepo, ndipo akagunda mapiri a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi a mu Blantyre amakhuthuka onse. Akayenda mochedwa ndiye zimanyanya, chifukwa amakhuthulira malo amodzimodzi masiku atatu kapena anayi. Ku Beira mu 2019 mphepo inasasula madenga a mzinda wonse. Kuno kwathu chimene chimapha anthu ambiri ndi madzi ndi matope.

Amadziwa bwanji, nanga bwanji nthawi zina amaphonya?

Kumwamba kwenikweni kuli makina a setilaiti amene amajambula mitambo kangapo pa ola lililonse. Namondwe pa zithunzizo amaoneka ngati nkhata yoyera, ndipo akakhwima amakhala ndi kabowo pakati kamene amati diso. Panyanja pali zombo ndi zida zoyandama zoyeza mphepo ndi kutentha kwa madzi. Pamtunda pali masiteshoni onga wa pa Chileka. Manambala onsewa amawalowetsa m'makompyuta akuluakulu a maiko akunja, amene amawerengera kumene mpweya ulowere mawa, mkuja ndi masiku otsatira. Pa chilumba cha La Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, pali ofesi imene inapatsidwa udindo wolondola anamondwe onse a mbali ino ya nyanja. Akatswiri athu a ku Blantyre amatenga zonsezi n'kuzisefa ndi zimene akudziwa za mapiri ndi zigwa zathu, n'kulemba chenjezo lotchula maboma.

Makompyuta aja sapereka yankho limodzi. Amawerengetsa kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira, ndipo pamatuluka njira zambiri zimene namondwe angadzere. Za mawa njirazo zimagwirizana ndithu. Za masiku atatu zimayamba kupatukana. Za masiku asanu kapena kuposa zimabalalika ngati zala za dzanja lotambasula. Namondwe akangokhota pang'ono, mvula imene inayenera kugwa ku Blantyre imakagwa ku Mangochi kapena ku Tete. Mu Febuluwale 2022, mabala a Ana asanapole, Batsirai anasakaza Madagascar koma anakhotera kummwera osafika kuno.

Zikatero kumsika kumamveka mawu akuti a zanyengo ndi abodza. Ine ndikuona kuti apa timawalakwira. Munthu wokuchenjezani kuti pa njira ya kudimba paoneka njoka sananame chifukwa choti inu mwadutsa osalumidwa. Akadati adikire mpaka atatsimikiza kotheratu, bwenzi chenjezo likutuluka madzi ali kale pakhonde. Chimene mungachite inu n'kumvera kawirikawiri. Chenjezo la Lachiwiri limakhala litakalamba pofika Lachinayi, ndipo masiku a namondwe a zanyengo amatulutsa uthenga watsopano tsiku lililonse, nthawi zina kangapo patsiku.

Musasokonezenso ulosi wa namondwe ndi ulosi wa dzinja lonse, umene umatuluka cha mu Seputembala. Umenewo umangonena ngati mvula ya chaka chonse ikhale yochepa, yapakatikati kapena yochuluka, ndipo alangizi a zaulimi amautengera kwa alimi kuti asankhe mbewu. Ndi umene unachenjeza za El Niño amene anaumitsa chimanga mu 2024. Sungakuuzeni tsiku la namondwe. Ndipotu chaka cha mvula yochepa chikhoza kukhala ndi sabata imodzi yoopsa.

Nanga zizindikiro za makolo, monga nyerere zikamasamutsa mazira, achule akamalira kwambiri, kutentha kwa usiku kosagonetsa tulo? Musazinyoze, zimanena zoona kuti mumpweya muli chinyezi ndipo mvula ili pafupi. Koma nyerere ya ku Chigaru siingadziwe zimene zikuchitika ku Madagascar. Setilaiti imaona namondwe akadali ndi sabata yathunthu panyanja.

Uthenga wa pa WhatsApp muzisamala nawo. Chaka chilichonse anthu amatumizirana zithunzi za Freddy ngati zachitika dzulo. Onani tsiku, onani ngati wachokeradi ku nthambi ya zanyengo kapena ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mukakayika tsegulani MBC, Zodiak kapena Radio Maria. Chenjezo lenileni silikhala pa foni ya munthu mmodzi yekha.

Mamilimita ndi zigubu zingati?

Mawu amene amatayitsa anthu ambiri ndi a mamilimita. Tanthauzo lake ndi ili: mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tsono tengani nyumba ya malata ya mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi. Kukagwa mvula ya mamilimita 100, denga limenelo latsitsa malita 4,800, zigubu 240 za malita 20. Ngati mulibe ngalande, zigubu zonsezo zathiridwa m'tsinde mwa khoma lanu usiku umodzi. Pa munda wa ekala imodzi, mvula ya mamilimita 50 ndi zigubu pafupifupi 10,000. Nthaka ikakhuta, zotsalazo zimatsetsereka kupita kumtsinje zitanyamula dothi lanu lachonde ndi feteleza yemwe.

Choncho mukamva kuti kugwa mvula yoposa mamilimita 50 pa maola 24, imeneyo ndi mvula yamphamvu. Akati yoposa 100, ndi yogwetsa nyumba ndi kudzaza mitsinje. Akati ipitirira masiku atatu, tsiku loopsa kwambiri si loyamba, koma lachiwiri ndi lachitatu, pamene nthaka singamwenso dontho lina. Nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Pa Chileka zaka zambiri mvula ya chaka chonse siifika pamenepo.

Mukhoza kuyeza nokha. Pezani chitini chowongoka m'mbali, chofanana kukamwa ndi pansi, muchiike pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse mwana wa sukulu aviike lula. Masentimita 5 ndi mamilimita 50. Tayani madziwo, bwezeranipo chitini. Mukachita zimenezi dzinja limodzi, manambala a pa wailesi ayamba kulankhula nanu, chifukwa mudzakhala mukudziwa kuti tsiku lija chitini chinafika masentimita 7 ndi limene kamtsinje ka kuseri kwa sukulu kanakana kuolotsa ana.

Kwathu kuno ngozi ili pati?

Dera la Chigaru, Lirangwe ndi Chileka ndi lotsika, lotentha, ndipo zaka zambiri dandaulo lathu limakhala la ng'amba. N'chifukwa chake tikamva za namondwe timati ndi za ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Koma taganizani kumene mitsinje yathu imachokera. Lunzu, Lirangwe ndi Likhubula imatsika kuchokera kumtunda kupita ku Shire, ndipo imadutsa mwa ife. Mvula ikhoza kugwa usiku wonse ku mapiri, kuno kukungowaza, koma m'mawa mtsinje umene munaoloka dzulo madzi ali m'kakolo n'kukhala utadzaza. Mitengo imene inkagwira madzi m'mapiri inapita ndi makala, ndiye madzi amatsika msanga kuposa mmene ankachitira masiku a agogo athu. Malo amene akuluakulu amati madzi sanafikepo chibadwire chawo, lero akhoza kufika.

Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, nanji mayi wobereka mwana kumbuyo, mtolo uli pamutu. Pansi pake simukuonapo, mwina pakumbika. Wa kabaza akati tidutsa, tsikani. Mwana akakhala kusukulu tsidya lina, kuli bwino agone kwa achibale kapena kwa mkhristu mnzanu kumeneko. Zimenezi muzipangana dzinja lisanayambe, kuti mwanayo adziwe khomo lokagogoda ndipo asaope kuti kunyumba akakalipiridwa.

Ngozi yachiwiri ili m'nyumba momwe. Nyumba zambiri kuno ndi za zidina, kapena za njerwa zootcha koma zomangira dothi. Khoma lotere limamwa madzi kuchokera pansi ndiponso kumbali imene mphepo ikuombera mvula. Limapirira tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri limafewa, ndipo likagwa usiku limapeza anthu ali m'tulo, ana atagona m'mphepete mwake. Muziligwira ndi dzanja madzulo. Likanyowa mpaka m'kati, likachita mng'alu watsopano, dothi likamayoyoka, kapena chitseko chimene chimatsekeka bwino chikayamba kukanika, tulukani usiku womwewo. Musadikire kuti kuche. Chimbudzi nacho chimatitimira nthaka ikafewa, choncho mwana asapiteko yekha masiku amenewa.

Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale amene akuchita lendi m'mphepete mwa mapiri m'tauni. Ku Chilobwe ndi ku Manja, m'munsi mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zinakwirira mabanja athunthu nthawi ya Freddy. Akuluakulu amati Napolo wadutsa, monga ananenera za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Kaya mulitchula dzina liti, phiri limapereka zizindikiro: nthaka kung'aluka, akasupe kutumphuka pamene panalibe, mitengo kupendekeka, mtsinje kuda bii ndi matope mwadzidzidzi, mkokomo ngati wa lole yolemera. Chenjezo likatchula Blantyre, aimbireni foni abwere kumudzi kapena asamukire kwa anzawo kutali ndi phiri ndi makwalala a madzi. Ndalama ya minibasi muwatumizire ngati ilipo.

Ndiye pali zimene zimavuta ngakhale nyumba yanu ili yolimba. Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 ndipo magetsi anavuta m'dziko lonse kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima chigayo chimaima, foni imatha moto, mipope imauma. Misewu ya fumbi yolowa m'midzi kuchokera pa M1 imaduka, ndipo ambulansi siingafike.

Masiku awiri a chenjezo muwagwiritse ntchito bwanji?

Yambani ndi anthu amene sangathamange. Mumawadziwa kale maina awo: agogo ogona okha, wolumala, wodwala wa pamphasa, mayi wa mwana wakhanda, ana amasiye olerana okhaokha. Pa msonkhano wa bungwe wa mu Novembala, aliyense wa amenewa apatsidwe mayi mmodzi womuyang'anira, kuti chenjezo likadzamveka pasadzakhale kufunsana. Kuwasamutsa kuchitike masana, mvula isanalimbe. Agogo ambiri amakana, amati ndifera m'nyumba mwanga. Musakangane nawo za namondwe. Apempheni adzagone kwanu masiku awiri kuti akuthandizeni kuyang'anira ana.

Mayi woyembekezera amene wafika mwezi wachisanu ndi chinayi, kapena amene anauzidwa kusikelo kuti mimba yake ili ndi chiopsezo, asadikire matenda kunyumba. Apite kuchidikiro msewu ukadali wabwino, kaya ku Mdeka, ku Lirangwe, ku Chileka kapena ku Mlambe ku Lunzu. Matenda akayamba usiku mtsinje utadzaza, ngakhale a ku Gulupu sangathe kumuthandiza.

Omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a shuga, a BP ndi a khunyu, awerenge mapilitsi awo. Ngati atsala a masiku ochepa apite akatenge. Mankhwalawo, mabuku a kuchipatala, ziphaso za unzika, makadi a ubatizo, masatifiketi a ana ndi buku la banki m'khonde muzikulunge m'majumbo awiri, muike m'chikwama chimodzi chimene aliyense m'nyumba akudziwa pamene chili. Nthawi yothawa munthu sasankha katundu.

Kagayitseni chimanga magetsi akadalipo. Tchajani foni ndi tochi, gulani mabatire a wailesi. Tungani madzi akumwa a masiku atatu muvindikire. Lowetsani nkhuni pouma, ndi machesi omwe. Matumba a chimanga akwere pa thandala, atalikirane ndi khoma. Abambo ndi anyamata akumbe ngalande kuzungulira nyumba yolozetsa madzi kutali, osati kwa a neba, athire dothi m'tsinde mwa khoma, amange denga ndi waya, adule nthambi zolendewera padenga. Mbuzi zisagone zomangirira kudambo. Pampu ndi mapaipi a kudimba zichoke m'mbali mwa mtsinje.

Funsani kwa a mfumu kuti komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu ndi ndani, ndipo malo othawirako anasankha ati. Kawirikawiri imakhala sukulu kapena tchalitchi. Ngati ndi tchalitchi lanu, kambiranani ndi a khonsolo ndi bambo mfumu kudakali nthawi: kiyi asunga ndani, zimbudzi zilipo zingati, amayi ndi atsikana adzagona mbali iti. Ngati komitiyo inangotsala dzina, kapena mulibe mayi ngakhale mmodzi, imeneyo ndi nkhani yoti bungwe lanu liitengere kwa a gulupu, ndipo a CADECOM angakuthandizeni maphunziro ake. Za akuba, mantha ake ndi oona ndipo sitingawachepetse. Ndi bwino mudzi upangane kuti amuna angapo azilondera ali pamalo okwera, kusiyana n'kuti banja lililonse lisiye munthu m'nyumba yonyowa.

Masiku a namondwe kumazizira, ndipo zovala zonse zimakhala zonyowa. Mwana wakhanda mumufungatire pakhungu panu, mumuveke chipewa. Koma mbaula isagone m'nyumba yotseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Chenjezo lomweli ndi la mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa. Mphezi zikamang'anima musabisale pansi pa mtengo, ndipo waya wa magetsi wogwa pansi musamuyandikire ngakhale magetsi atazima.

Mvula ikakata

Dzuwa likawala anthu amati zatha, koma kwa a zaumoyo ndi pamene ntchito imayamba. Zimbudzi zogumuka zimakhala zitasakanikirana ndi zitsime. Kolera imene inabuka ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa Ana, inafalikira m'maboma onse ndipo inapha anthu oposa 1,700. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha iyo.

Madzi onse akumwa, ngakhale a pa mjigo ngati mjigowo unamira, muwathire WaterGuard kapena klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo. Tsatirani muyezo wake ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Akasowa, wiritsani mpaka abwate. Kuoneka mbee si umboni woti madzi ndi abwino. Chimbudzi chikagwa, kumbani kadzenje kongoyembekezera kutali ndi chitsime, muzikwirira ndi dothi nthawi iliyonse, ndipo kusamba m'manja kukhale kothirirana, osati m'beseni limodzi.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzi, makamaka ooneka ngati otsukira mpunga, yambani kumumwetsa Thanzi nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo muzimumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku lomwelo, choncho za kudikira kuti tione mawa zisakhalepo.

Chimanga chimene chanyowa muchiyanike msanga. Chikachita nkhungu musadye ndipo musaphikire ana phala, chifukwa chuku chimaononga chiwindi ngakhale ufawo utaphikidwa.

Kumisasa muziyang'ana atsikana. Thandizo la boma, la mpingo ndi la mabungwe ndi laulere. Wina akapempha ndalama kapena thupi la mwana wanu kuti amulembe m'kaundula, kaneneni kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo mayi wodandaulayo asapite yekha, amayi awiri a bungwe amuperekeze. Posonkha zothandizira anzathu timakumbuka ufa ndi zofunda, koma nsalu za kumwezi ndi sopo timaiwala, ndipo mtsikana sangazipemphe pagulu.

Pakatha masabata awiri kapena atatu, zithaphwi zimakhala zaswa udzudzu. Neti imene munathawa nayo, kapena imene inatsala m'nyumba yogumuka, ifunika ipachikidwenso ngakhale mukugona m'kalasi. Mwana akatentha thupi masiku amenewo musangoti ndi chimfine cha mvula ija. Apite akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo ngati akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati, muwauze a dokotala poyambirira penipeni, chifukwa chikhoza kukhala chibayo.